Waya wa Buleki wa a Sagwa

Achimwene anga anthu amawatchula kuti a Sagwa, ndipo dzinali analipezera pa njinga. Zaka makumi atatu ndi zinayi anagwira ntchito ya umesenjala pa ofesi ina ya maloya, kuyendetsa makalata kukhoti, kubanki ndi kwa anthu a milandu, dzuwa kaya mvula, ndipo m'zaka zonsezo sanagwepo ngakhale kamodzi. Musaganize kuti ndikuwakometsera. Eni ake ankalengeza okha paliponse, ngakhale pamaliro, mpaka alamu anga ankachita kuwatsina kuti akhale chete. Njinga yawo inali yakuda, yolemera ngati geti, ya kaliyala wamkulu kumbuyo. Ankaipukuta m'mawa uliwonse asanasambe iwo eni.

Ine ndine mng'ono wawo, ndipo ndimakonza njinga. Shedi yanga ili pamphambano, kuseri kwa sitolo ya utoto: malata anayi, benchi, beseni la madzi oyesera machubu ndi chingwe chopachikira njinga. Sipanala yanga yoyamba anandigulira ndi iwowa, sukulu itandikana. Koma pali khalidwe lina limene amisirife tili nalo, ndipo ndilinena poyera: ntchito ya wachibale imakhala yomalizira. Mwana wa telala amayenda ndi kabudula wong'ambika, kalipentala amakhalira mpando wogwedera. Mlendo amakuimirira pamutu mpaka umalize, pamene m'bale wako amangoti, "Ndidzatenga ukakonza," ndiye iwe umamva ngati wakupatsa chaka chonse.

Atapuma pantchito, pakhomo panawakana achimwene. Ankasesa bwalo losesa kale, n'kumakangana ndi alamu za malo oyenera kuikapo tsache. Tsiku lina anaona chipepala pakhoma la sitolo cholengeza ulendo wa gulu lina la opalasa njinga, makilomita zana limodzi ndi makumi asanu ndi limodzi kukafika tauni ina, aliyense wofuna alembetse. Anthu akewo mumawadziwa, aja ovala zothina ngati akukasambira, okwera tinjinga toti unganyamule ndi chala. Achimwene, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi ziwiri, anakalembetsa tsiku lomwelo.

Mwana wawo wamkulu ndi namwino, ndipo salankhula mozungulira. Anawauza kuti ayambe kaye kuyeserera maulendo ataliatali, komanso akapimitse mtima. Iwo anayankha kuti zaka makumi atatu ndi zinayi ndi kuyeserera kokwanira. Anaiwala kuti mesenjala amapalasa makilomita atatu n'kutsika, kucheza ndi mlonda wa pageti, kumwa madzi, kenako n'kukweranso. Okonza ulendo anati aliyense avale chisoti, iwo n'kukabwereka chipewa chachikasu kwa neba wawo womanga nyumba, alamu n'kusokerera lamba wa pachibwano. Pa kaliyala anati adzamangapo fulasiki ya tiyi, pampu ndi jekete. Tonse tinaseka, ndipo ine ndinaseka kuposa onse.

Njinga anaibweretsa Lolemba, ulendo uli Loweruka. Anandiuza kuti ndione zonse, makamaka buleki ya kumbuyo. Ya kutsogolo sankaikhulupirira. Ankati imeneyo ndi imene imagwetsa anthu chamutu, ndipo kalekale anandiuza kuti ndiimasule mpaka izingosisita limu mopanda mphamvu. Choncho moyo wawo wonse pamsewu unali pa waya umodzi.

Ndinaipachika pachingwe, ndipo inalendewera pomwepo Lolemba, Lachiwiri, mpaka Lachisanu masana. Nditamasula chogwirira buleki ndinapeza waya watha. Pafupi ndi handulo timawaya tambiri tinali titaduka, otsala atatu kapena anayi okha. Waya watsopano wotsiriza ndinali nditauika m'mawa womwewo panjinga ya wogulitsa buledi amene sindimudziwa n'komwe dzina. Sitolo yogulitsa mawaya otere ili kutsidya kwa tauni, ulendo wa theka la ola, ndipo kumwamba kunali kutada. Ndinachita ulesi, palibe mawu ena. Ndinadula timawaya toyang'ana kunja tija, n'kukankhira malo othawo m'kati mwa chipaipi chake, n'kupaka girisi, n'kukunga. Mumtima ndinati ndidzasintha akabwerako. Kenako ndinapukuta njinga yonse mpaka masipoko ankawala, poti wakuba amadziwa kuvala bwino.

Achimwene atabwera anafinya buleki kawiri, tayala n'kugwira. Anandimenya paphewa n'kukwera.

Loweruka m'mawa ndinapita ndi alamu kukawaona akunyamuka pabwalo la mpira. Kumeneko ndinapeza chinthu chimene sindinachiyembekeze. Gululo linali ndi makaniko wakewake, mayi wina wovala magolovesi, amene ankayendera njinga iliyonse. Sankangofinya ayi. Ankakoka chogwirira mpaka kumapeto n'kusuzumira m'kati momwe waya amalowera. Ndinadziwa kuti akafika pa yathu aona. Atafika, achimwene anaika dzanja pachishalo.

"Iyi yaonedwa kale, mayi. Mng'ono wangayu ndiye dokotala wa njinga m'tauni muno. Kuionanso n'kumunyoza."

Mayiyo anatembenukira kwa ine mwaulemu wa amisiri okhaokha. "Zonse zili bwino, bambo?"

"Zili bwino," ndinatero.

Amati manyazi anapha lambe, koma manyazi anga anatsala pang'ono kupha munthu wina. Mayiyo anapita panjinga yotsatira, ine n'kuimika dzanja kutsazika achimwene akutuluka pageti, chipewa chachikasu chili pamutu.

Zimene zinachitika ndinazimva kwa dalaivala wa galimoto yotsatira gululo. Pofika makilomita makumi asanu achimwene anali kumbuyo kwa onse, miyendo ikukokana, tiyi atatha. Anawapempha kuti akwere galimoto, iwo n'kukana. Anakankha njinga pachitunda chachitali, kenako panabwera mtsetse wolowera pamsika wina wa m'mbali mwa msewu. Chapansi pamtsetsepo minibasi imene inali patsogolo pawo inaima mwadzidzidzi kuti itole munthu. Achimwene sanachepetse liwiro ngakhale pang'ono. Anaiomba kumbuyo, n'kuuluka, n'kugwera pakati pa msewu, ndipo lole imene inkabwera inaima tayala litatsala pang'ono kuwaponda mwendo. Anathyoka fupa la m'chiuno ndi la paphewa. Chipewa chija anachitola mayi wina wogulitsa tomato kutsidya kwa msewu.

Kuchipatala aliyense anali ndi chifukwa chake. Namwino anati ndi ukalamba ndi kusamva. Alamu anati ndi matama. Neba anati akanadziwa sakanabwereketsa chipewa. Anzawo akale a kuofesi anabwera ndi nthochi, ndipo ali pakhonde ndinawamva akuseka kuti dzina lija tsopano lisinthe akhale a Agwa. Atafunsidwa eni ake, anangoti anali atatopa, ndipo minibasi sanaione msanga. Ananena zimenezi akuyang'ana kudenga.

Njinga dalaivala uja anaitula kushedi kwanga madzulo a tsiku la ngozi lomwelo, foloko itapindika, limu ya kutsogolo itakhota. Sindinayang'ane zimenezo. Ndinafinya chogwirira buleki ya kumbuyo, ndipo chinangofika pahandulo chopanda chokana. Waya unali utaduka pamalo pomwe ndinabisa paja. Ndinausolola, n'kuukulunga, n'kuuika m'thumba la ovolosi. Ndinayang'ana uku ndi uku ngati mbala, chifukwa ndinalidi mbala.

Panapita miyezi inayi. Achimwene anayamba kuyenda ndi ndodo, ndipo dokotala anati fupa lagwirana bwino, atha kuyambanso kupalasa pang'onopang'ono, mwina n'kuwathandiza. Tsiku limenelo nkhope yawo inawala. Koma namwino ndi amayi ake anakanitsitsa. Anati vuto si fupa, vuto ndi maso ndi mutu: munthu amene saona minibasi yonse yathunthu masana dzuwa likuswa mtengo sayenera kukhalanso pamsewu. Njinga igulitsidwe. Achimwene anachonderera ngati mwana. Anati sadzapitanso kutali, azingofika kumsika ndi kutchalitchi. Mawu awo sanamveke, poti anali atavomera okha kuti minibasi sanaione.

Ine ndinkadziwa kuti maso awo alibe vuto. Chimene chikanawabwezera njinga chinali m'thumba mwanga, ndipo ndinkayenda nacho tsiku lililonse. Ndinakonza njinga ija ngati ya mfumu: foloko yatsopano, limu yatsopano, mawaya onse awiri atsopano. Ndinkawayendera Lamlungu lililonse, kuwameta ndevu, kuwawerengera nyuzipepala. Alamu ankauza anthu kuti m'bale ngati ine sapezekapezeka, ndipo mawuwo ankandiwotcha kuposa kutukwanidwa. Kangapo ndinatsegula pakamwa, n'kutulukamo nkhani ya mpira.

Wogula atapezeka, namwino anaitanitsa tonse Lamlungu masana kuti nkhaniyo ithe. Tinakhala pabalaza, achimwene pampando wawo wa pawindo, ndodo ili pakati pa miyendo. Namwino anafotokoza zonse mwadongosolo ngati akupereka lipoti la wodwala, kenako anati, "Abambo aang'ono, inu ndinu mumaidziwa njingayi. Mawa muipereke kwa munthuyo." Pamenepo ndinatulutsa waya uja n'kuuika patebulo, pambali pa makapu. Ndinanena zonse nkhope ili pansi: za Lolemba mpaka Lachisanu, za wogulitsa buledi, za girisi, za mayi wa magolovesi. Ndinati achimwene minibasi anaiona, buleki anagwira, koma waya ndi umene unaduka, ndipo wolakwa ndine.

Alamu anagwira pakamwa. Namwino anandiyang'ana m'njira imene sindidzaiwala, mwana amene ndinkamunyamula pa kaliyala popita ku sukulu ya mkaka. Achimwene anatambasula dzanja, n'kutenga wayawo, n'kuutembenuza kawiri pafupi ndi windo.

"Si wa njinga yanga uwu," anatero. "Wanga unali watsopano, ndinauona ndekha. Uyu akungofuna kundimvera chisoni kuti mundibwezere njinga. Wakhala wabodza chiyambire ali mwana."

Ndinayesa kutsutsa, koma anandidula ndi liwu lija ankandikalipira nalo ndili wamng'ono. Anati buleki sanaigwire n'komwe, ndipo nkhani yathera pomwepo, njinga ipite. Namwino anapuma mpweya wautali n'kundiuza kuti mtima wanga ndi wabwino koma ndisamateteze zinthu zoopsa. Alamu anandithirira tiyi wina. Ndinabwera kudzalandira chilango, n'kulandira chiyamiko, ndipo sindinachitepo manyazi otero m'moyo wanga.

Potuluka achimwene anati andiperekeze mpaka pageti. Tinayenda pang'onopang'ono, ndodo ikugogoda pansi. Titafika anatsamira chipilala, osandiyang'ana.

"Unaduka ndili pakati pa mtsetse," anatero motsitsa mawu. "Ndinaumva m'dzanja. Ndinakuwa, koma ndani akanamva?"

"Nanga bwanji mwandikana m'nyumbamo, achimwene?"

"Mwana uja sasunga nkhani. Pofika Lachitatu tauni yonse ikanadziwa kuti unatsala pang'ono kupha m'bale wako ndi waya. Ndani akanabweretsanso njinga pashedi pako? Ine ndakwera zanga zakwana. Iwe uli ndi ana atatu akusukulu."

Ndinati pepani. Anati pepani sapoletsa chilonda, ndipo ndisiye kulira pamsewu anthu akuona. Kenako anandiuza kuti m'mawa ndibwere, ali ndi tsiku kuchipatala ndipo alamu sangathe kuwaperekeza.

Njinga ndinaipereka kwa wogula cha m'ma seveni, ndipo pofika eyiti ndinali ndi achimwene pasiteji. Minibasi itaima ndinawagwira m'khwapa kuti akwere, kondakitala akutifulumizitsa, akuti madala achangamuke. Anakhala pampando wa pakhomo, ndodo ataikumbatira, maso akuyang'ana anthu onse m'katimo ngati mlendo. M'pamene ndinazindikira kuti m'tauni imene ankaidziwa njira iliyonse, munthuyu anali asanakwerepo minibasi. Chitseko chisanatsekedwe anandikodola, ine n'kuweramira pafupi, iwo n'kundinong'oneza kuti ena asamve.

"Iwe, ukafuna kutsika umanena kuti chiyani?"