Ma Shamim awiri a ku Kawinga

Fadila wa kwa Mposa anaphunzira kompyuta ku Balaka, masana akugulitsa zitumbuwa pa depoti. Lero amagwira ntchito pa kabungwe kena ku Ntaja, ndipo akalemba dzina la munthu safuna kuti litayike.

Chaka chino anayenda yekha midzi ya ku Kawinga kulemba ana oti alandire maneti a udzudzu. Kumeneko nyumba za ana aakazi zimazinga ya mayi awo, ndiye mufayilo ya Fadila ya pa kompyuta, ya XML, mabanja analowetsana ngati mabeseni, la mwana m'kati mwa la make. Kafayilo kena ka malangizo, ka XSLT, ndi kamene kamasandutsa zonsezo kukhala mndandanda wosindikiza. Koma kanthu kameneka, abale! Kakafika pa banja lalikulu kamatola ana onse mpaka zidzukulu, kakatsikira pa laling'ono n'kuwatolanso. Mwana mmodzi kawiri, wina katatu.

"Mayina abodza awa, mukufuna atimange?" anakalipa a Chester, abwana ake.

"Iyayi bwana, ana ndi enieni. Chalakwika ndi malangizo, ndipatseni mpaka mawa."

Mpaka mawa ati? A Chester, aphuma ngati nthawi zonse, anangotenga mndandandawo n'kufufuta dzina lililonse lobwerezedwa kuti litsale limodzi, nautumiza kwa onyamula maneti. Fadila anapsa mtima koma anameza. Anakhalira fayiloyo tsiku lonse, magetsi akuzimazima, mpaka anapeza podwala: anauza kafayilo ka malangizo kaja kuti pa banja lililonse kazitola ana a banjalo okha. Mndandanda unatuluka woyera, ana 412. Wa a Chester unali ndi 411. Atawauza, anangoti, "Mmodzi yekha? Aaa, lole yapita kale."

Mmodziyo anali Shamim Usumani. M'mudzi umodzi munali ma Shamim Usumani awiri, wina wa zaka zisanu, wina woyamwa. Ku dera lino ma Usumani ndi osawerengeka, ndani sadziwa?

Tsiku logawa, woitana mayina anali Fadila yemweyo. Maneti atatha, mayi wina anatsala chiimire, khanda lili kumbuyo.

"Achemwali, wanga sanatchulidwe."

Fadila anayang'ana pepala, ngakhale ankadziwa kuti palibe. Manyazi anamugwira.

Mayiyo sanakalipe. Anangotembenuka pang'ono kuti nkhope ya mwana ioneke.

"Si munamunyamula inu nomwe tsiku munabwera kwathu?"