Nkhope Yofiira ya pa Dividi

Ukwati wathu unachitikira kwathu ku Mitundu. Wojambula anabwera ndi kamera yodula, yoonetsa ngakhale thukuta la pamphuno. Pa kompyuta yake ndinadziona ndili mwiniwake, wakuda bii, monga anandiberekera amayi anga.

Vuto linabukira ku Nathenje, kumene ndinapita kuchitengwa. Apongozi anga aakazi anali ndi wailesi yakanema yakale, yachimsana ija, ndiye wojambulayo anachepetsa kanema wathu kuti akwane pa dividi. Anadzatiuza pambuyo pake kuti makina atsopano ndi akale amasakaniza mitundu mosiyana, ndipo ukaiwala kusintha pamenepo, zofiira zimasokonekera. Iye anaiwala.

Tsiku loonera, amayi a kutchalitchi anadzaza nyumba mpaka pakhomo. Nditatulukira pagalasi, nkhope yanga inali psuu ngati njerwa yootcha. Kwathu kuno aliyense amadziwa chimene chimafiiritsa mkazi chonchi: mafuta odziyeretsa. Tsono apongoziwo ndi amene ankatsogolera kudzudzula mafutawo.

Anayang'ana kanema, n'kuyang'ana ine, ndili khale pamkeka pafupi ndi mapazi awo.

"Mwasiya liti, mayi?" anandifunsa.

"Sindinayambepo, amayi."

"Kanema sanama."

Mwana wawo, mwamuna wangayo, nayenso anali atafiira pakanemapo, koma limenelo akuti linali dzuwa. Bamboyo, m'malo mondiikira kumbuyo, ankangoswa mtedza wake. Zinandipweteka, ndinapsa mtima, koma mtengwa satsutsa apongozi pagulu.

Ndinabwerera ku Mitundu n'kumukhalira pakhosi wojambula uja mpaka anakonza. Dividi yachiwiri ndinaipereka ndi manja awiri, nditagwada. Apongozi anaionera mpaka kumapeto.

"Anthu a makompyutawa ndi ochenjera," anatero. "Akudetsani bwino ndithu."

Anaiponya m'kabati. Alendo amawaonetsabe yoyamba ija, poti mmenemo chitenje chawo chimawala kwambiri.

Papita zaka, ndipo apongoziwo amandikonda, sindinganame. Pamsonkhano wa amayi amandiimika kutsogolo, n'kundigwira tsaya, kuti atsikana aone mmene pemphero limabwezera khungu la munthu. Anthu amaomba m'manja, ine n'kumwetulira. Ndinatopa nako kukana, ndipo ndinkati palibe amene zikumupweteka.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi, wakuda ngati ine, anachokera kwa agogo ake ataoneranso kanemayo. Anandipeza ndikuyanika zovala, n'kudikira kuti bambo ake alowe m'nyumba.

"Amama," ananong'ona, "mafuta aja munkagula kuti? Munali okongola."