Mpata wa a Febian Daka

A Febian Daka a ku Nyampande anabwerera kuchokera ku migodi mu 1973. Anzawo anabwera ndi malata ndi njinga, iwo anabwera ndi chifuwa chafumbi ndi sakisofoni, chitoliro chamkuwa chokhota ngati kaliwo. Ankalima mtedza, koma Loweruka lililonse ankakwera lole kupita ku Petauke.

Kumeneko kunali aphunzitsi anayi oimba ndi zingwe: mavayolini awiri, vayolini yachitatu yokulirapo, ndi chelo cha amai Consolata Mumba, chachikulu chopana ndi maondo. Anayiwo ankawerenga nyimbo papepala. A Daka za pepala sankazidziwa, ndiye amai Mumba anawasiyira mpata pakati pa nyimbo, kuti zingwe zizing'ung'udza pansipansi, iwo aziimba zimene mtima wawauza. Anakonzekera tsiku la ufulu kwa miyezi isanu. Mpweya unkachepa mwezi ndi mwezi, ndipo a Daka ankadziwa kuti chaka chamawa sadzatha kuimba.

Koma masiku a chipani chimodzi ngakhale nyimbo inkayamba yapimidwa. A Eustace Lungu, tcheyamani wa chipani, munthu amene akatsegula pakamwa kutchalitchi kwaya yonse inkasochera, ndiye anadzakhala woweruza. Kutatsala tsiku limodzi, anamvetsera, n'kulamula kuti abwereze. Anabwereza.

"Bambo Daka, poyamba paja simunalize conco."

"Siibwela kawili, a Cheyamani. Ndiye kalizidwe kake."

"Nanga mailo pamaso pa a Gavana izakamba zotani? Ningavomeleze bwanji nyimbo yosinthasintha?"

"Chitolilo chilibe mau!"

"Kuopsa kwake n'komweko. Inu mailo simuliza."

A Daka anapsa mtima mpaka chifuwa chinawatsamwitsa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu akumeza fumbi pansi pa nthaka, lero mbuli iwaletse kupuma mpweya wawo womwe! Ufulu wake uti? Koma wakutsutsa tcheyamani ankatsekeredwa msika ndi basi, ndiye mkwiyowo anaumeza.

M'mawa mwake anayiwo anaimba. Atafika pa mpata uja, amai Mumba sanaudumphe. Zingwe zinang'ung'udza, zinang'ung'udza, kudikira munthu amene anaima kumbuyo kwa khamu, zala zikuvina pa mabatani a jekete, misozi ili mbwembwembwe.

Nyimbo itatha, a Lungu anapita kwa amai Mumba akumwetulira.

"Mwaona, amai? Pakati paja ndiye panakoma maningi."

A Daka sanaimbenso pagulu.