Nkhuku Yopepesera a Fesitiledi

Ife Amalawi a ku West Midlands tili ndi kabungwe kathu, ndipo kabungweko kali ndi pulezidenti. Musaseke. Pulezidenti akakhala ndi mkazi, ameneyo ndi Fesitiledi basi, ngakhale m'mawa mwake mukumane pa wodi m'chipatala nonse mukuyala mabedi.

A Fesitiledi amene ndikunenawa anakhala pa tebulo la akuluakulu zaka zambiri, atavala chipewa chachikulu ngati lichero. Amuna awo akagwira maikolofoni sankadziwa polekezera, ndiye mayiwo ankaweramitsa mutu mpaka chipewa n'kuphimba nkhope. Ena ankati akupemphera. Ine ndinkati akugona. Poti pakamwa panga sipatsekeka, ndinalemba kankhani kowaseka, masamba anayi, kongosekera ndi manesi anzanga pa buleki.

Kenako amuna awo analuza chisankho. Patapita nthawi tinamva kuti mayi aja apuma pantchito, ayamba kusindikiza mabuku a Chichewa kunyumba kwawo ku Whitmore Reans, mumzinda wa Wolverhampton, ndipo akufuna zolemba zathu. Mtima wanga unangoti phaa! Kuyambira ku sekondale ndinkalakalaka kuona dzina langa m'buku lenileni, loti ana anga aligwire, ana oti ukawafunsa m'Chichewa amayankha m'Chingerezi. Ndinali ndi ndakatulo yolira kwathu, yaulemu wake. Nditaweruka shifiti, maso akulemera, ndinaitumiza pa foni ndili m'basi yopita ku Longbridge.

Ndinazindikira nditatsika. Mayo ine! Ndinali nditatumiza nkhani ya chipewa ija.

Ndinati ndifufute, koma anali atawerenga kale. Yankho linali lalifupi: "Mubwere Loweruka."

Ndisaname, ndinachita mantha. Buku lapita, mbiri yaipa, nanga kutchalitchi ndikawayang'ana bwanji? Kwathu ukalakwira wamkulu supita chimanjamanja, umanyamula nkhuku. Koma nkhuku yamoyo muipeza kuti ku Birmingham? Ndinapita ku Sparkhill, pa Stratford Road, n'kugula ya mufiriji, youma gwaa. M'sitima ya ku Wolverhampton ndinaifungatira ulendo wonse, ikundiziziritsa ntchafu.

Ananditsegulira okha, alibe chipewa, ndipo ndinatsala pang'ono kufunsa ngati mayi alipo. Anali kamunthu kochepa thupi, ka imvi, kovala masilipasi. M'nyumbamo munali mabuku ponseponse, m'masitepe, pawindo, ngakhale pamwamba pa firiji. Ndinagwada, mawondo a unesiwa n'kulira kuti thyo, ndipo ndinapereka nkhuku ndi manja awiri.

"Mayi, ndalakwa. Satana analowa m'foni."

"Satanayo amalemba bwino," anatero. "Dzukani asisi, nkhuku yanu ikundinyowetsera kapeti."

Anatulutsa masamba anga anayi atawapulinta, onse ali psuu ndi cholembera chofiira.

"Choyamba, chipewacho sichinali chobiriwira, chinali chabuluu. Wolemba aziona bwino. Chachiwiri, sindinkagona. Ndinkawerenga."

"Kuwerenga?"

"Buku ndinkaliika m'chikwama chotsegula, pamiyendo. Chipewacho ndinagulira zomwezo. Abambo akalankhula kamodzi, ine machaputala atatu atha. Chaka cha kampeni ndinamaliza shelefu yonse iyo."

Ndinaphulika kuseka, kenako n'kudzigwira pakamwa. Nditalimba mtima ndinawaonetsa ndakatulo ija pa foni, kuti aone kuti ndimathanso kulemba za ulemu. Anaiwerenga mofulumira n'kundibwezera.

"Mphepo ikuzizira, mtima ukuwawa, ndikufuna kwathu. Zoterezi ndalandira mulu. Aliyense akulira kwawo, palibe akuona zomwe zili pamphuno pake konkuno."

Anatsegula tsamba lomaliza la nkhani ija, pomwe ndinalemba kuti komabe ndi mayi wabwino, Mulungu awadalitse. Anali atakhwatcha ndime yonseyo.

"Apa munachita mantha. Tichotsa."

Anasisita mapepalawo.

"Zaka zonse zija, ndikafunsa munthu kanthu, yankho linali limodzi: zili bwino, mayi. Ndipsereze mpunga, zili bwino, mayi. Abambo ataluza, foni yanga inangoti zii. Nditawerenga zanuzi ndinaseka mpaka misozi, chifukwa ndinadziwa kuti m'holo monse muja munali munthu mmodzi amene ankandiyang'anadi."

Manyazi anandigwira, chisoninso, chifukwa nanenso sindinawaimbireko foni ngakhale kamodzi.

"Ndiye ituluka, mayi?" ndinafunsa chapansipansi.

"Ituluka, ndipo ndi imene itsegule buku. Dzina lanu lonse, osabisala."

Ndisanathokoze n'komwe, anakoka dirowa n'kutulutsa envulopu yonenepa, yakale, yomangidwa ndi mphira. Anaiika m'manja mwanga.

"Izi ndi zolemba zanga, mukaziwerenge. Palibe anaziwerengapo, ngakhale abambo. Mukabwera n'kundiuza kuti zili bwino, mayi, musadzapondenso pakhomo pano."