Nthiti za Chotola

Kachitini kaja ndimakakumbukira mpaka lero: ka polishi wa pansi, kofiira, komwe ndinakaboola pachivundikiro ndi msomali kuti ndiziponyamo makobiri. Ndinakatsuka ndi phulusa kambirimbiri, koma ndalama iliyonse yotulukamo inkanunkhabe polishi. Pambali pake ndinamatapo pepala lomwe ndinajambulapo galu, ngakhale aliyense wowona ankati ndi mbuzi.

Galu wakeyo anali Chotola. Ndinamupeza kumapeto kwa mvula, ndili Sitandade 4, m'dzenje la oumba njerwa kumunsi kwa Chinsapo. Wina anamumangirira m'thumba la feteleza n'kumuponyamo kuti madzi amalize ntchito. Ndinamva kakulira, ndinatsika, matope lekeza m'mawondo. Amayi atandiona ndikulowa naye pakhomo anangoti, "Anzako amatola ndalama, iwe watola mavuto." Dzina linachokera pomwepo.

Anali mavutodi. Chilichonse chimene Chotola ankadya chinkabwerera, kaya kukamwa kaya kumbuyo. Mkute, madeya, mitu ya usipa, zonsezo. M'mawa uliwonse ndinkazungulira nyumba ndi fosholo ndi phulusa alandilodi asanadzuke, poti anali atanena kale kuti pa lendi pawo safunapo chimbudzi choyenda ndi miyendo inayi.

Tsiku lina pabwalo la sukulu panabwera adokotala a ziweto kudzabaya agalu katemera wa chiwewe. Atafika pa Chotola anamusisita pamimba, iye n'kulira. Anati matumbo ake ndi owonongeka, matenda ake satherapo. Azidya mpunga wophika ndi nyama ya nkhuku yopanda khungu, komanso azimwa mankhwala mwezi ndi mwezi. "Mafuta ayi, mafupa ayi. Ukamupatsa zimenezo wamupha." Anthu pamzere ponse anagwa nacho chiseko. Kwathu kuja mpunga tinkauona pa Khirisimasi ndi paukwati basi.

Ndi mmene kachitini kanayambira. Ndinkatungira azimayi madzi ku kiyosiki, ndinkatola mabotolo, Loweruka ndinkagulitsa mafilizesi a eni ake m'mbali mwa msewu wa ku Likuni mpaka zala kuchita dzanzi. Kachitini ndinkayenda nako paliponse, ndiye kanandigwiritsa m'kalasi, kanalira m'chikwama. Aphunzitsi anakatulutsa, anakakweza m'mwamba n'kukagwedeza. "Taonani bwana uyu! Nsapato alibe, koma galu wake amadya mpunga." Anandiimika kutsogolo kuti ndiuwe ngati galu, akuti amene asangalale aponyamo kenakake. Ndinauwa. Ndinauwa ndi mtima wonse, poti ndinkafunadi ndalamazo. Kalasi yonse inaseka mpaka misozi, koma panalibe anaponyamo ngakhale kakobiri. Munthu ameneyo ndi amene ankatiphunzitsa za Msamariya wachifundo. Mukandifunsa ngati ndinamukhululukira, ayi, sindinama.

Amene anandimvera chisoni anali amalume, achimwene awo a amayi. Ankakhala nafe, kugona pabalaza. Ankagwira ulonda kunyumba za mipanda italiitali kuseri kwa tawuni, kwa dona wina wochokera kunja yemwe agalu ake ankagona pamatiresi. Amalume anali ndi foni yojambula, chinthu chimene ana a mdera lonse ankabwera kudzangochiona. Anamujambula Chotola atagona pafumbi, n'kupita nacho chithunzicho kuntchito. Mawa lake anabwera ndi envulopu, thumba la mpunga, nkhuku ndi mankhwala. Dona uja akuti analira ataona nthiti zija, ndipo analonjeza kuthandiza mwezi uliwonse. Ine tsiku limenelo ndinawachapira amalume nsapato osatumidwa.

Abale, galu uja anasintha! Ubweya unayamba kunyezimira, nthiti zinabisala, fosholo ndinaipumitsa. Ankandichingamira pamphambano ndikamaweruka, n'kumandidumphira mpaka kundidetsa yunifolomu. Ankathamangitsa nkhuku za alandilodi, ine n'kumakalipiridwa ndikumwetulira. Pakutha pa mwezi amalume anamujambulanso. Koma ulendo uno anabwera nkhope itagwa, envulopu yopyapyala. Dona anati zikomo Mulungu, galu wachira, zotsalazo tingakwanitse tokha.

Chisanu chili pakati, amalume anayamba kubwera ndi jumbo yakuda. Munkakhala zotsala za pa chiwaya: mafuta a nkhumba, zopsereza za tchipisi, mafupa. Fungo lake lokha linkandidzaza malovu. "Nayenso alaweko zabwino, mphwanga," ankatero akukhuthulira Chotola. "Mpunga wokhawokha ndi ndende." Nditawakumbutsa mawu a adokotala anandigwira pamutu mwachikondi. "Ameneuja amadziwa agalu a m'mabuku." Chotola ankadya mchira ukuvina, kenako n'kuwanyambita amalume zala.

Sipankatenga nthawi. Kusanza kunkayambanso, kutsekula kunkayambanso, nthawi zina kosakanikirana ndi magazi. Ankagona kuseri kwa khitchini akunjenjemera, ntchentche zili ng'aa. Zikafika pamenepo ndiye amalume ankatulutsa foni. Ankandivula juzi, kundiveka malaya ong'ambika, n'kundikhazika pansi galu ali pamiyendo. "Mutembenuzire kudzuwa, nthiti zioneke. Iwe usaseke." Kuseka ndikanakutenga kuti? Ndinkamva mtima wake ukugunda m'manja mwanga ngati wa kamwanapiye.

Envulopu inanenepanso. Sabata imeneyo tinkadya nyama, alandilodi ankatipatsa moni woyamba okha, ndipo ine ndinalandira nsapato zanga zoyamba za kusukulu. Chotola ankabwereranso pa mpunga ndi mankhwala, n'kudzuka pang'onopang'ono, miyendo ikugwedera. Akangoyamba kuthamanga, mwezi nawo unkakhala ukupita kumapeto, jumbo yakuda n'kutulukiranso.

Amayi ankadziwa. Izi ndazivomereza ndili wamkulu, ndipo zimandiwawa kuposa zina zonse. Madzulo ena anaima pakhomo atanyamula beseni, akuyang'ana jumbo ija. Anangoti, "Achimwene." Amalume osatembenuka anayankha kuti, "Lendi ulipira ndi chisoni?" Amayi analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ine ndinkayesa akukangana za lendi basi, monga mwa masiku onse.

Ndinkaganiza kuti vuto ndi ine, kuti kachitini kanga sikadzaza msanga. Ndiye ndinawonjezera khama. Ndinkajomba kusukulu kukasenza njerwa ku uvuni, mapewa kusupuka. Ku Sande sukulu ndinkapempherera Chotola, ndi dona uja, ndi amalume, kuti Mulungu awadalitse chifukwa cha mtima wawo wabwino.

Chotola anafa dzuwa la Okutobala lili pamutu. Ndinamupeza pansi pa mpapaya, mutu atautsamiritsa pa nsapato zanga zatsopano zomwe ndinaziyanika pamenepo. Thupi linali lisanazizire. Amalume atadzutsidwa anatuluka osavala malaya, anamuyang'ana, anamenya chitseko ndi chibakera, n'kukhala pansi manja ali kumutu. Misozi yeniyeni inatsika. "Ndachulutsa," ankangobwereza choncho. "Ndachulutsa ine." Ndinawakumbatira kuti asalire. Asanandilole kukumba dzenje, anamujambula komaliza, ine nditamunyamula, ndipo tsiku limenelo sanachite kundiuza kuti ndisaseke.

Mvula yoyamba itagwa, amalume anandiitana ndikusewera. Anandigulira filizesi, n'kundifunsa mwakachetechete kuti dzenje la oumba njerwa lija linali pati kwenikweni, ndipo ngati anthu amatayamobe tiana ta agalu. Mtima wanga unadumpha. Ndinathamangira m'nyumba, ndinatenga kachitini kanga kodzaza, kolemera, ndinawapatsa kuti tiyambire pamenepo kusamala amene tikamupezeyo. Anakalandira, anakagwedeza pafupi ndi khutu, n'kukaika m'thumba la jekete.

Ndinawatsogolera kumunsi kwa Chinsapo ndikudumphadumpha m'matope, ndikuwafulumizitsa kuti tingapeze kagalu kena katamira kale. Njira yonse ndinkaganiza kuti pa anthu onse a kwathu kuja, ine ndi amalume tokha ndi amene tinkakonda agalu.