Nyemba Zanga Zadyedwa pa Maliro

Lachitatu, mwezi wa Seputembala

Ndadzuka ndi mkwiyo womwe ndinagona nawo, ndipo pemphero la m'mawa silinauchotse.

Nyemba zija anandipatsa ndi mnzanga wa m'kalasi, mwana wa matenanti a pa esiteti ya fodya ku Mkanda. Fodya atagulitsidwa makolo ake anabwerera kwawo ku Phalombe, iyenso anasiya sukulu tili Fomu 2. Tsiku lotsanzikana anandithira m'manja nyemba zofiira, nati, "Ukakolola usadye zonse, usungeko mbewu." Pamsika wathu sindinazionepo nyemba zotere, ndipo mudzi umene mnzangayo anapita sindikuudziwa. Zikatha izi, zatha basi.

Ndinalima kamunda kuseri kwa bafa, ndinathira manyowa a mbuzi, ndinamanga mpanda wa mapesi. Madzi ndimatunga kumjigo ndisanapite kusukulu, mwina kufika mochedwa mpaka kupatsidwa chibalo. Sabata yatha zinayamba maluwa.

Lolemba kunagwa maliro a agogo ena a kutsidya kwa msewu. Aliyense amadziwa kuti pa maliro amayi amayenda m'makomo kusonkhetsa ufa, nkhuni ndi ndiwo, ndipo palibe amakana. Inenso sindikana. Koma dzulo pochokera kusukulu ndinapeza mpanda uli pansi, nyemba zangotsala timitengo. Wothyola khwanya amatenga masamba a m'munsi, nsonga n'kuzisiya. Iwo anapulula zonse, nsonga ndi maluwa omwe, zina anachita kuzula chifukwa cha changu.

Ndinathamangira kumaliroko ndili chivalire yunifolomu. Ndinapeza azakhali, alongo awo a bambo, akutakasa mumphika waukulu.

"Azakhali, mwathyola ndinu nyemba zanga?"

"Zako? Unabadwa nazo?" Amayi amene anali pamoto anaseka. "Tamuoneni dona wa ku sekondale! Anzake akulira munthu, iye akulira masamba."

"Mukanandiuza ndikanakuthyolerani ndekha. Mwathyola ndi maluwa omwe."

"Maluwawo ndiye akometsa. Khala pansi ulaweko, tathira nsinjiro."

Amayi anga anandikokera kuseri kwa nkhokwe. "Iwe, pa maliro sayankhana ndi akuluakulu. Ukufuna tsiku ndidzafe ine anthu adzadyere mchere?"

Ndinangobwerera kunyumba. Chimene chikundipweteka n'chakuti sindikuloledwa ngakhale kukwiya. Ndikatchula nyemba, ndine mwana wopanda chisoni. Agogowo ndimawakonda, amandipatsa magwafa ndikamadutsa, ndipo iwo sakanazula mbewu ya munthu. Pawailesi masiku ano akungonena za ufulu wolankhula, koma ufuluwo pamoto wa pa maliro sunafike. Bonongwe ali mbwee kudambo, chisoso chikungomera chokha m'madimba. Kungoti kudambo n'kutali, pomwe kuseri kwa bafa lathu n'pafupi.

Masana ano ndinapita kukadzutsa mpanda. Pakona, pamene pamayenda madzi a m'bafa, ndapeza zingapo zimene sanazione chifukwa masamba a nthochi anazibisa. Maluwa akadalipo! Ndinagwada pomwepo n'kuziunjikira dothi. Zikabereka, mbewu ipezeka, ngakhale yodzaza kachikho kokha.

Ndili chigwadire choncho, azakhali anasuzumira pampanda, mtolo wa nkhuni uli pamutu.

"Kani zatsalako? Uzithirire bwino. Loweruka n'kumeta, abale a ku Chipata akubwera, tidzafuna ndiwo."

Ndinapitiriza kuunjikira dothi mpaka anachoka.

Mawa ndikaweruka sindidzafikira kunyumba. Ndidzapita kudambo ndi thumba, ndikathyole bonongwe ndi chisoso mpaka lidzaze, ndikatule ndekha pamapazi pa azakhali amayi onse akuona, kuti pasapezeke wonena kuti ndakaniza ndiwo za maliro. Pobwerera ndidzadula nthambi za minga, ndizungulize pakona paja. Wofuna khwanya Loweruka adzayambe wazula minga m'zala.