Tsiku limene Jasinto anandisinthira kadi ya nyimbo

Lachiwiri sabata ino mota yanga, njinga yamoto ya kuntchito, inakana kulira. Ndinaiponda mpaka thukuta kamukamu, koma inangotsokomola kawiri n'kukhala chete. Alimi a mbatatesi anali akundidikira ku Ntengo-Wambalame, chiwawu chitawalowera m'minda, ndipo mlangizi wa zaulimi ngati ine, extensionista monga amatitchulira kuno, amene safika tsiku lomwe analonjeza amasanduka nkhani ya pamsika. Ndiye ndinanyamula chikwama changa n'kupita pamene pamaima mota zonyamula anthu, pafupi ndi msika wa Tsangano.

Pamalo aja susankha wokunyamula. Eni ake amayendera mzere, ndipo mzere tsikulo unagwera Jasinto.

Jasinto ndi mnzanga wa paubwana. Tinakulira limodzi ku Malawi, makolo athu atathawa nkhondo, ndipo tinabwerera kuno pa lole imodzi. Ine ndinapitiriza sukulu n'kulowa ntchito ya boma. Iye analima mbatatesi zaka zingapo n'kugula mota. Chipsera chili pachibwano changachi anandipatsa ndi iyeyo, tikulimbirana mpira wachikulunga. Kale akandiona pamsewu ankakuwa ali patali: "Iwe Felisi, mimba yonseyo ukupita nayo kuti?"

Lachiwiri anaimirira, anavula chipewa, n'kunena mwaulemu: "Bon diya, a shefe. Tikulowera kuti?"

A shefe, ndiye kuti bwana. Ine amene ankandikhomerera pansi n'kundikhalira pamsana.

Pachiwongolero cha mota yake Jasinto amamangirirapo kawailesi ndi mphira, kaja koimba nyimbo za pa kakadi kakang'ono ngati chikhadabo. Ndikufika kanali kakuimba, anzake akugwedeza mitu. Asanalize mota anakazimitsa. Anasolola kakadi kaja, anakakulunga pakapepala, n'kukaika m'thumba la malaya. M'thumba lina anatulutsa kena n'kukalowetsa. Inayamba kuimba kwaya ya kutchalitchi.

Munthu wina sakanaona chachilendo. Ine ndinachiona, chifukwa tanthauzo lake anandiuza yekha zaka zapitazo, tikudya chimanga chootcha. Anati: "Amigu, ine ndimayenda ndi makadi awiri. Iyi ndi ya anthu anga. Iyi ndi ya anthu a boma ndi alendo amene sindikuwadziwa mtima. Akakwera amenewo ndimawaikira Yesu. Yesu sachotsetsa munthu pamsewu." Tsiku lija ndinaseka mpaka kutsamwa. Sindinkadziwa kuti tsiku lina Yesuyo adzaikiridwa ine.

Ndikuuzeni chimene ndinachita, poti sindikufuna muganize kuti Jasinto wangoyamba matama.

Ife amene tinakulira limodzi ku Malawi tili ndi gulu lathu pafoni. Ena ali konkuno, ena ku Furancungo, ena ku Tete, ena anapitirira mpaka ku Joni. M'gulumo ndimo timauzana za maukwati, za odwala, za maliro, komanso kunyozana za imvi. Amene anayambitsa gululo ndine, ndiye mphamvu yolowetsa ndi kuchotsa anthu ili m'manja mwanga.

Masankho atangotha, mitima ya anthu idakali yotentha, Jasinto anaponya nyimbo m'gulumo. Inali ya wachinyamata wina, yodandaula za mtengo wa feteleza, za misewu yathu yokumbikayi, ndi za akuluakulu amene amatikumbukira nthawi ya mavoti yokha. Kunena zoona, inali nyimbo yokoma. Ndinaimvera katatu, ndipo mwendo unkagunda pansi wokha.

M'mawa mwake kuntchito kunali msonkhano. Abwana athu, atatha kukamba za mbewu ndi mafuta a mota, anangoponyapo mawu ochepa, akuti wantchito wa boma azisamala ndi zimene zikuyenda m'foni mwake, chifukwa masiku ano zithunzi za mauthenga zimafika patali. Sanatchule dzina la munthu. Sanandiyang'ane n'komwe. Koma ine ndinamva ngati foni ikundiotcha m'thumba.

Nditatuluka ndinakhala pakhonde la ofesi, ndinatsegula gulu lija, ndinakanikiza dzina la Jasinto, n'kusankha pamene palembedwa kuti chotsani. Sindinamuimbire. Sindinamulembere ngakhale mawu amodzi. Anthu onse m'gulumo anaona kamzere kotuwa konena kuti Felisi wachotsa Jasinto, ndipo palibe anafunsa chifukwa chake. Tsiku lomwelo wina anaponya chithunzi cha maluwa cholembedwa kuti tsiku labwino, ena n'kuyankha kuti amen.

Ndinkadziuza kuti ndi za sabata imodzi, zinthu zikazizira ndimubwezeramo. Sabata inasanduka mwezi. Kenako manyazi anakula kuposa mantha aja, moti ndikamuona pamsika ndinkayamba kuyang'ana mitengo ya tomato amene sindinkafuna kugula.

Tsono taganizani ulendo wa Lachiwiriwo. Msewu wafumbi, kwaya ikuimba, ine ndagwira chitsulo cha kumbuyo m'malo mogwira mapewa ake monga kale. Ndinayesa kuyambitsa nkhani.

"Mvula yachita bwanji kumunda kwanu chaka chino?"

"Yachita bwino, shefe."

"Nanga ana?"

"Ali bwino, obrigadu."

Tinayenda kanthawi ndithu. Kenako ndinafunsa za mayi ake, amene anasamukira ku Furancungo kukakhala ndi mwana wawo wamkazi. Mayi amenewo sindingawatchule ngati mlendo. Ku Malawi kuja mayi anga atagona miyezi ndi matenda, ndinkadya pakhomo pawo, ndipo nyemba zikachepa ankayamba kupatsa ine mwana wa eni, ana awo n'kudikira.

Jasinto anachepetsa liwiro kuti azembe dzenje. Kenako anati: "Amayi tinawaika mu Juni, kukuzizira kuja."

Ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze, ndipo funsolo litangotuluka ndinazindikira kupusa kwake.

"Ndikanakuuzirani kuti? Maliro a anthu athu amalengezedwa m'gurupu. Ine m'gurupu mulibe."

Ndinati komabe anzathu a ku Furancungo ayenera kuti anamva.

"Anamva atatu, ndipo anabwera. Mmodzi ndinamupempha kuti alembe m'gurupu. Anati, amigu Jasinto, dzina lako mujamo likuvuta, a Felisi angandichotsenso ine. Prontu, basi. Tinakumba ndi anthu a mpingo, tinaika."

Sanakweze mawu. Bwenzi zikanandipepukira akanandilalatira, kapena kuimitsa mota n'kundisiya pathengo. Koma anangowonjezera moto, kwaya n'kumapitiriza.

Abale, ndakhala ndikuganiza za nkhaniyi kuyambira Lachiwirilo, ndipo chimene chikundisautsa n'chakuti zinali zosavuta. Makolo athu akafuna kudana ndi munthu zinkafuna mphamvu. Unkayenera kuyenda mpaka pakhomo pake, kukhala pampando umene wakupatsa, kulonjerana ndi mkazi wake, kenako n'kunena mawu akowo ukumuyang'ana m'maso. Ambiri ankabwerera panjira, mkwiyo utathera m'miyendo. Ndipo ukanena, mawa lake amalume ako akufika kudzafunsa kuti mwanayu wakulakwira chiyani. Lero chala chachikulu chokha chikukwanira. Ubwenzi umene unapirira nkhondo, njala ndi nsabwe za pamsasa ndinauthetsa nditakhala pakhonde, ndikudikira tiyi.

Musandiuze kuti ndine ndekha. Ndi angati mwa inu muli ndi m'bale amene munamutsekera kuti asamakuimbireni chifukwa cha zimene analemba nthawi ya masankho? Ndi angati mumafufuta nyimbo musanapereke foni kwa mnzanu wa kuntchito kuti aone chithunzi? Aphunzitsi, anamwino, alembi a m'maofesi, tonse tinaphunzira kuimba motsitsa. M'shapa, minibasi zathu zija, nyimbo ina ikayamba, timayang'ana kaye amene takhala naye pafupi tisanagwedeze mutu. Timamuseka Jasinto ndi makadi ake awiri, chonsecho ife athu timawasunga mumtima, ndipo timawasintha mwaluso kuposa iye.

Sindikunena kuti mantha athuwa ndi abodza. Ndili ndi ana atatu pasukulu, ndipo ntchito ya boma siitoledwa pamsewu. Tonse tinamvapo za wina amene anasamutsidwira kutali chifukwa cha kauthenga kamodzi, kaya n'zoona kaya n'zokokomeza. Amene sanalandirepo kalata yochokera kwa abwana asafulumire kundiweruza.

Koma pali funso limene ndalephera kulithawa. Kodi ndani anandituma? Abwana sanati chotsa Jasinto. Boma silidziwa n'komwe kuti kuli gulu la anthu a imvi otumizirana maluwa ndi mauthenga a maliro. Ndikanatha kumuimbira n'kunena kuti amigu, nyimbo yakoyi indipsetsa, taifufuta. Akanandinyoza kuti ndine wamantha, akanaseka, n'kuifufuta. Ndikanatha kupereka udindo wa gululo kwa wina amene salandira malipiro a boma. Njira zinalipo zambiri. Ine ndinasankha imene sinkafuna kuti ndimve mawu ake.

Apa ndi pamene ndale zimatipweteka kwenikweni ife anthu wamba. Akuluakulu amene timawaopawo amakangana pawailesi masana, madzulo n'kukumana paukwati wa mwana wa mnzawo. Ife kuno timagwira ntchito ya ulonda imene palibe anatilemba, kulondera m'bale, kulondera mnzathu, mpaka gulu lonse kuopa kulemba kuti mayi a uje amwalira. Anzathu aja sanaope boma ayi. Anaopa ine.

Titafika ku Ntengo-Wambalame Jasinto anati andidikira. Ndinayenda m'minda ndi alimi, ndinatembenuza masamba a mbatatesi, ndinawauza za mankhwala ndi za kuzula zomwe zapserera, koma nzeru zanga sizinali pamenepo. Mayi wina anachita kundifunsa kuti, "A extensionista, mukudwala kapena?"

Nditamaliza ndinamupeza atakhala pamota m'mphepete mwa munda. Ndinakwera pachulu pamene foni imagwira, ndinatsegula gulu lija, n'kumubwezeramo. Kenako ndinatsika n'kumuuza kuti ndinalakwa, ndinachita mantha, ndipo za amayi zandipweteka kwambiri. Mawu anatuluka okhotakhota, koma anatuluka.

Foni yake inanjenjemera m'thumba. Anaitulutsa, anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakanikiza kawiri. Yanga inalira. Kamzere kotuwa kanati Jasinto watuluka.

"Musakwiye," anatero. "Ulendo uja munanditulutsa anthu onse akuona, ngati nkhuku yolowa m'nyumba. Ndimafuna aonenso kuti lero ndatuluka ndekha, ndi miyendo yanga. Pepani yanuyo ndaimva. Koma si ine ndekha amene muyenera kumuuza."

Ndinamufunsa kuti winayo ndani.

"Amayi atadwalika ankafunsa za inu. Ankati, Felisi sabwera bwanji, kapena ntchito yamuchulukira? Ine ndinkati eya, yamuchulukira. Sindinafune apite akudziwa."

Tinabwerera ku Tsangano. Ponditsitsa anandiuza dzina la mudzi ndi la mlongo wake, n'kuti ndikafika ndikafunse, akandionetsa pamene amayiwo anagona.

Loweruka ndikwera shapa ya ku Furancungo. Ulendowo ndi wautali, ndipo ndikhala ndi nthawi yokwanira yokonza mawu, koma mpaka pano sindinawapeze. Jasinto anandibisira manyazi kwa mayi ake mpaka tsiku lawo lomaliza. Nanga ine ndikakaima pamanda paja, ndikapitirize bodza lake lija loti ntchito inandichulukira, kapena ndikawauze zoona mayi amene ankandipatsa nyemba za ana awo, kuti sindinabwere kudzawaika chifukwa ndinaopa nyimbo?